Buku Lomaliza la a Makwinja

Loweruka lapitali tinakavundukula chiliza cha a Makwinja. Chaka chakwana chiwaikire m'manda. Anthu sanali ambiri: akazi awo a Nasimango, ana awo, amayi a mvano ochepa, ndi ife a pamsika amene tinatseka mashopu mpaka masana. Pamwala alembapo dzina lawo ndi mawu akuti anali mkulu wa mpingo. Ndi zoona, ngakhale panali zaka zisanu ndi chimodzi zimene ukuluwo anali atawalanda. Zotero pachiliza salemba.

Sindinali m'bale wawo. Ndili ndi golosale pa Lirangwe, ndipo iwo anasoka pakhonde la golosaleyo zaka zoposa makumi awiri. Kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza ankanditchula mayi a shopu, ine ndinkangoti bambo.

Anali munthu wamtali, wowonda, wolankhula motsitsa mawu. Mano akutsogolo anali atatha kalekale, ndipo ankati anathera kuluma ulusi. Ankasoka bwino koma mochedwa. Munthu akabwera ndi nsalu Lolemba n'kunena kuti ukwati uli Loweruka, ankamuyang'anira pamwamba pa magalasi n'kumulozera kwa anyamata a mumsika, amene amasoka diresi mwini wake ataima pomwepo. Mathalauza othina ankadana nawo. Mnyamata akaumirira, ankamuyeza bwinobwino, n'kulemba manambala onse ndi choko pansalu, kenako n'kusoka mmene afunira iwo. Ine ndi iwo tinkakangana pa nkhani ya wailesi. Ankati nyimbo zanga zimawasokoneza phazi popalasa makina, ine ndinkati khonde ndi langa. Nkhaniyi sinathe. Ndinkangotsitsa wailesi akayamba kudula nsalu, iwo n'kumachita ngati sanamve kuti ndatsitsa.

Ikakwana 12 koloko ankafunditsa makina chitenje, n'kusamba m'manja, n'kutulutsa buku m'chikwama chimene ankamangirira pakaliyala ya njinga. Ola limenelo silinali la kasitomala aliyense. Mabukuwo anali achingerezi, onenepa ngati njerwa. Ankawerenga chala chili pamzere, dikishonale yothothoka masamba ili pabondo, chifukwa sukulu analekezera fomu 2 kumishoni. Tsamba lina linkawatengera masiku awiri. Munthu wosuzumira kumapeto kwa buku asanafikeko sankamuwerengera. Ankati ameneyo sungamusiyire makiyi a nyumba.

Buku loyamba analipeza m'ndege. Asanakhale telala ankasesa m'ndege pabwalo la Chileka, ndipo kwawo kunali komweko. Kuno ku Lirangwe anabwera chikamwini. Tsiku lina mlendo anaiwala buku m'kathumba ka kuseri kwa mpando. Linakhala muofesi miyezi ingapo mwini wake osalifunsa, mpaka akuluakulu a pantchito anawauza kuti alitenge. Atafika tsamba lomaliza anapeza kuti nkhani sinathe, ndipo pachikuto panalembedwa kuti mabukuwo adzakhala asanu ndi limodzi. Ntchito inawathera zaka zoyambirira za matipate, pamene ambiri ankachotsedwa, ndiye anagula makina n'kubwera pakhonde langa. Mabuku enawo anasaka okha. Lachiwiri analipeza kwa anyamata oyala mabuku pansi ku Limbe. Lachinayi linapezeka lachitatu lisanaoneke, ndipo analisunga m'sutikesi chaka chathunthu osalitsegula, mpaka mphunzitsi wina wa kusekondale amene ankasamuka anawasiyira lachitatulo. Lachisanu anachita kutuma dalaivala wa thiraki.

Tsiku la msika, dzuwa likapendeka, ankaika makina pambali n'kutenga ntchito ya pamanja, mabatani ndi mipendero. Pamenepo ndi pamene ankafotokozera anthu zimene awerenga sabata imeneyo. Ankabwera a kabaza odikira okwera, amayi amene tomato wawathera, ndi ena amene analibe chochita. A Makwinja sankasintha mawu kapena kutambasula manja. Ankafotokoza ngati munthu wobwera ndi uthenga wa kumudzi, maso ali pasingano.

Nkhaniyo inali ya anthu amene anathamangitsidwa m'chigwa chawo ndi mfumu yosafa, yoweta njoka zamapiko zolavula moto. Amene ankawatsogolera pa ulendo wobwerera kwawo anali mayi wosula mabelu. Dzina lake lenileni a Makwinja ankati limafuna munthu wa mano onse, choncho anamutcha Nachuma. Mlongo wake wotsimphina anamutcha Kamwendo. Anthu a pano anazolowera mayina amenewa moti tsiku lina ndinamva mayi wina akufunsa mnzake pamjigo ngati Kamwendo anatuluka m'ndende muja. Wina akadandaula kuti anthuwa avutika mokwanira, a Makwinja ankamuuza kuti adekhe. Ankati wolemba buku ali ngati dalaivala wa minibasi. Ukakwera ya ku Lirangwe akhoza kuima paliponse, kuphulitsa tayala, kudikira okwera mpaka utatopa, koma sangakutsitse pa Lunzu n'kukuuza kuti ulendo wathera pomwepo.

Mavuto anabwera chaka chimene kunadzaza mphekesera za anthu opopa magazi, pamene aliyense wochita zosazolowereka ankalozedwa chala. Mayi wina ananena kuti mwana wake akulota njoka chimvere nkhani za pakhonde langa. Wina anati anaona pachikuto chithunzi cha chilombo. Nkhani inafika kwa akulu a mpingo, ndipo amene anainyamula ndi manja awiri anali a Magombo, mlembi wa mpingo, mphunzitsi wamkulu wopuma. Malemu amuna anga anali m'gulu la akuluwo, ndiye zimene zinayankhulidwa ndinazimva tsiku lomwelo.

A Magombo anaika buku limodzi patebulo.

"Bambo Makwinja, pachikuto apa pali chiyani?"

"Njoka."

"Yamapiko, yolavula moto. Mkulu wa mpingo amasunga zoterezi m'nyumba?"

"Njokayo ndi mdani m'nkhaniyi. Si mwini nkhani."

"Muli zamatsenga kapena mulibe?"

"Zilimo. Muli anthunso amene akulimbana nazo."

Anawauza kuti awotche mabuku onse asanu pamaso pa akulu, nkhani ithere pomwepo. A Makwinja anakana. Anati chovala sachiweruza chili ndi mapini. Kenako ananena mawu amene anadzawamanga.

"Latsala buku limodzi. Mudzaona kuti anthu aja afika kwawo. Choipa chikadzapambana, machesi ndidzabweretsa ndekha."

Akulu anati ngati ndi choncho, adikire buku lawolo ali pabenchi ya kumbuyo. Lamulungu lotsatira anakhaladi kumbuyo, pafupi ndi khomo, pomwe pamakhala ochedwa. Sanajombepo. Mayunifolomu a amayi a mvano anayamba kupita kwa telala wina, ndipo panali miyezi imene makina ankalira m'mawa wokha. A Nasimango anabwera pakhonde tsiku lina, akuchokera kuchigayo, n'kuima osatula thumba.

"Otchani basi mapepalawa, bambo a Esnati. Kumvano anzanga amasiya kuyankhula ndikalowa."

"Ndikawotcha, ndiye kuti ndavomera kuti ndinali mfiti."

"Nanga bukulo libwera liti?"

"Libwera."

Chimene sankadziwa n'chakuti wolembayo anali asanalilembe n'komwe. Mphekesera zija zinatha, makasitomala anabwerera mmodzimmodzi, abusa anasamuka n'kubwera ena. Anthu ambiri anaiwala chimene a Makwinja ankakhalira kumbuyo. Iwo sanaiwale, ndipo sanapemphe kuti awabwezere. Podikira anayambiranso buku loyamba, n'kufotokoza nkhani yonse kachiwiri kwa a kabaza atsopano.

Buku lomaliza anabweretsa ndi Esnati, mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito m'tauni. Linali latsopano, la m'pulasitiki. A Makwinja analikuta ndi chidutswa cha nsalu yotsala, n'kulengeza kuti ili safotokoza pang'onopang'ono, adzanena lonse pamodzi akamaliza. Linawatengera miyezi inayi. Chakumapeto ankawonjezera nthawi, mpaka hafu pasiti wani, zomwe anali asanachitepo.

Anamaliza Lachiwiri lina nyengo yotentha. Nthawi yoyambiranso ntchito itadutsa makina osalira, ndinatuluka. Ndinawapeza atakhala, buku lili chotseka pabondo, magalasi ali m'manja.

"Bambo, zatha?"

"Zatha."

"Afika kwawo?"

"Ayi."

Anandithandiza kulowetsa makina dzuwa lili pamutu, n'kutenga njinga. Sanakwere, anangoyenda nayo. Masiku atatu sanabwere.

Lamulungu, nthawi ya zolengeza, anaimirira kumbuyo kuja n'kupempha kuti ayankhule. Abusa anali achinyamata ndipo nkhaniyi sankaidziwa, choncho anawalola. A Makwinja anayenda mpaka kutsogolo atanyamula thumba la feteleza. Anatulutsa mabuku asanu ndi limodzi n'kuwasanja patebulo, pamwamba pake n'kuikapo bokosi la machesi.

"Zaka zapitazo ndinalonjeza akulu a mpingo uno chinthu," anatero. "Ndabwera kudzanena mmene nkhani ija yathera."

Anafotokoza mwachidule, monga ankachitira pakhonde. Mfumu yoipa ija, imene ankati siifa, inafa, ndi njoka zake zomwe. Koma pogwa mfumuyo phiri linang'ambika, ndipo madzi amchere anadzaza chigwa chonse. Anthu aja atafika anapeza kwawo kulibe. Kamwendo anamira pofuna kupulumutsa ana. Nachuma sanafe pankhondo, anafa ndi kabala kakang'ono ka padzanja kamene kanatukusira, kutatsala masamba atatu. Otsalawo anamwazikana, aliyense n'kukakhala mlendo m'dziko la eni.

"Ndinanena kuti afika kwawo. Sanafike. Ndinakunamizani, ndipo ndinanamiza anthu pamsika zaka zonsezi, ngakhale sindinkadziwa. Wolemba uja watitsitsa pa Lunzu. Choipa sichinapambane, chabwino nachonso sichinapambane. Lonjezo langa silinanene za zoterezi. Machesi ndi awa, weruzani ndinu."

Abusa anayang'ana akulu, akulu anayang'ana a Magombo. A Magombo anali atakalamba, ankayendera ndodo. Anaimirira pang'onopang'ono.

"Nachuma wafa?"

"Wafa."

"Ndi kabala kaja anadzicheka posula belu lomaliza?"

Za kabalako zinali m'buku lachisanu, ndipo a Makwinja anazinena kamodzi kapena kawiri pakhonde pokha. Pambuyo pake tinamva kuti tsiku la msika a Magombo ankakonda kukonzetsa njinga kwa mmisiri wa kuseri kwa shopu yanga, ngakhale njingayo ili bwinobwino. Pakati pa mmisiriyo ndi khonde langa pali mpanda wa bango basi.

"Kabala komweko," anayankha a Makwinja.

A Magombo anati zoterozo si zachilendo, ngakhale m'Malemba muli mtsogoleri amene anayenda ndi anthu zaka zambiri m'chipululu koma iye osalowa m'dziko lolonjezedwa.

"Ameneyo anamuonetsa dzikolo ali paphiri," anatero a Makwinja, "ndipo anthu ake analowa. Awa palibe analowa."

A Magombo anakhala pansi. Abusa anati nkhaniyi akaikambirana ndi akulu, n'kuika machesi m'thumba la jekete, n'kuitana kwaya. Patatha milungu iwiri analengeza kuti a Makwinja abwerera paudindo. Sanatchule za mabuku. Palibe buku limene linawotchedwa; a Makwinja anawabwezera m'thumba la feteleza lija n'kupita nawo kunyumba.

Anthu ankayembekezera kuti asangalala. Sanasangalale. Ntchito ya mpingo anaigwira mokhulupirika, odwala ankawayendera, koma wolemba uja sanamukhululukire. A Nasimango anatopa nazo. Anandiuza iwo eni kuti tsiku lina anawafunsa molunjika.

"Mchimwene wanu atamwalira munagwira ntchito tsiku lotsatira maliro. Mkazi wa papepala, wa azungu, mwamulira masiku atatu. Anthu aziti chiyani?"

A Makwinja akuti anayankha kuti imfa ya mchimwene wawo palibe munthu anaisankha. Inabwera monga imabwerera, ndipo ukafuna wokangana naye sumupeza. Koma uyu anakhala pampando, cholembera chili m'manja, njira zonse zili zotseguka, n'kusankha kumiza chigwa. Ankati maliro enieni tili nawo okwanira pano, sabata siitha osamva belu. Munthu sutsegula buku kuti ukapezenso ena. Zimenezi anazinena kwa anthu ambiri, mawu omwewo, zaka zambiri.

Mphunzitsi wina wa Chingerezi anayesapo kutsutsana nawo pakhonde. Anati buku labwino limanena zoona za moyo, ndipo m'moyo anthu ambiri safika kumene ankapita. A Makwinja anamumvetsera mpaka anamaliza. Kenako anamuuza kuti zoona za moyo akuzidziwa kale, sanafunike dikishonale kuti aziphunzire. Anamufunsanso ngati m'moyo anaonamo njoka yamapiko. Munthu amene walola njoka kuuluka, anatero, sanganene kuti zoona zinamuletsa kufikitsa anthu kwawo.

Pali chinthu chimodzi chimene sankachigwirizanitsa ndi nkhaniyi, ndipo ine sindinayerekeze kuwafunsa. Zaka zoyamba ankakonda kunena kuti akadzakalamba adzabwerera ku Chileka, kumalo a amayi awo, komwe anadzalako mango ali mnyamata. Malowo abale awo anagulitsa iwo osadziwa, ndipo pano pali nyumba za mipanda ya njerwa. Anapitako kamodzi, anabwerako, ndipo za Chileka sanazitchulenso.

A kabaza anawapempha kangapo kuti angopeka mathero awoawo, poti palibe akanadziwa. Mmodzi anawapangira ndi njira: madzi aphwe, Kamwendo apezeke ali moyo kutsidya. Anakana. Anati chigamba saika pa chovala cha mwini wake asanakutume, ndipo mathero abodza amaoneka ngati zipi wa mtundu wina. Nkhani za tsiku la msika zinathera pomwepo. Ola la 12 koloko analisunga, koma ankawerenga nyuzipepala zakale ndi timabuku ta ulimi. Munthu akawabweretsera buku la nkhani, funso loyamba linali lakuti, "Likuthera momwemu?" Akamva kuti lili ndi linzake ankalibweza.

Esnati anawaonetsapo pafoni kuti m'mayiko ena muli anthu ochuluka amene anakwiya ndi mathero omwewo. Anawawerengera zimene analemba ena. A Makwinja atamvetsera anati, "Ndiye tilipo ambiri." Esnati atawauza kuti nawonso akhoza kulembapo, anafunsa ngati wolembayo amawerenga zimenezo. Atamva kuti mwina ayi, anati basi, angakhale akungolankhula ndi okwera anzawo, dalaivala atapita.

Munthu yekhayo amene ankakamba naye za bukulo anali a Magombo. Anayamba kubwera poyera, n'kumakhala pabenchi ya makasitomala. Sanapepese, ndipo a Makwinja sanafune kupepesedwa. Ankakangana ngati Nachuma analakwa kudzera njira ya kumapiri m'malo mwa ya kumtsinje. A Magombo ankati analakwa, ndipo mathero aja ndi malipiro a kusamva kwake. A Makwinja ankati a Magombo anamvera nkhani kuseri kwa mpanda, ndiye theka linawadutsa. Anakangana choncho zaka zinayi, mpaka a Magombo anamwalira. Suti imene anawaika nayo m'bokosi inali itawakulira chifukwa cha matenda, ndipo a Makwinja ndi amene anaichepetsa, tsiku limodzi, ntchito yokhayo imene ndinawaona akuigwira mofulumira.

A Makwinja anadwala sabata ziwiri zokha. Anagwa akutsika njinga pakhomo pawo, mbali imodzi n'kufa, ndipo anamwalira masana ena a Nasimango ali pambali. Mabuku aja anawapeza m'sutikesi, onse asanu ndi limodzi, okutidwa bwino. Esnati anatenga.

Makina anatenga mwana wawo wamwamuna, anapita nawo ku Ndirande. Pakhonde patsala timaenje tinayi pasimenti pomwe miyendo inkaponda, ndi banga la oyilo limene sopo wakanika. Mnyamata wina wapempha kuti aikepo tebulo lotchajira mafoni. Ndamuuza kuti abwere mwezi wamawa, ndipo ndi kachitatu tsopano. Mvula ikamagwa pamabisala mbuzi. Nthawi zina pamafika munthu wochokera kutali, buluku long'ambika lili m'jumbo, amaima pang'ono, kenako amalowa kudzagula sopo kuti asaoneke ngati wasochera.

Masana dzuwa limalowa pazenera mpaka pashelefu ya m'kati. Mwezi woyamba majarini anandisungunukira kawiri ndisanamvetse chifukwa chake. Zaka zonsezo pazenera paja pankakhala msana wa a Makwinja. Shelefuyo ndaisuntha.